Khadi la munthu amene anakana kugulitsidwa

Makadi oyamba anafika kwathu ali m'thumba la jekete. Amai athu amagulitsa salaula, ndipo belo likatsegulidwa, nchito ya ife ana awiri aakulu inali kupisa m'matumba a zovala zonse zisanapachikidwe. Amene anakulira pa salaula akudziwa zimene zimatuluka m'matumba amenewo: marisiti ofufutika, mabatani, tishu wouma gwa, nthawi zina kakhobili ka senti imodzi koti sungagule nako kanthu. Tsiku limenelo munatuluka kamtolo ka timakatoni tomangidwa ndi mphira. Tinawerenga, tinakwana 23. Pa kalikonse panali chithunzi cha mwamuna wovala chipewa, ena atasenza ndodo paphewa, ena atavala chigolovesi chachikulu kudzanja limodzi lokha. Kumbuyo kunali manambala okhaokha, ondandalikidwa ngati lipoti la kusukulu.

Tisaname, baseball sitinkaidziwa. Pano pa Lusaka chipewa cholembedwa NY muchipeza paliponse, pamutu pa kondakitala, pa mnyamata wa pa buthu ya mobile money, pa wometa tsitsi, koma mukafunsa mwini wake kuti zilembozo n'za chiyani, ambiri akuuzani kuti ndi lebo chabe. Sadziwa kuti avala chizindikiro cha timu ya New York Yankees. Ifenso tinali otero.

Usiku womwewo tinagula bandulo n'kulowa pa Google. Choyamba kutuluka chinali nambala imene inatiumitsa pakamwa: madola 12.6 miliyoni. Kunali kumapeto kwa 2022, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho khadi limodzi la Mickey Mantle wa Yankees, losindikizidwa ndi kampani ya Topps mu 1952, linali litagulitsidwa pamtengo umenewo. Kakatoni kokwana m'chikhatho. Mwezi womwewo lina, la Honus Wagner, linapita pa madola 7.25 miliyoni. Ife m'manja tinali ndi 23. Mmodzi wa ife, sitinena kuti ndani, anakadzutsa amai n'kuwauza kuti aleke kudandaula za lendi ya pamsika chifukwa posachedwa akhala ndi shopu ya magalasi ku Manda Hill. Amai anangoti, "Zimitsani magetsi ana inu, mayunitsi atha," n'kutembenukira kukhoma.

Kutacha tinayamba kufufuza limodzi limodzi. Makadi 22 anali a pakati pa 1988 ndi 1991, a makampani a Topps, Donruss, Fleer ndi Score. Lililonse mtengo wake sunkakwana chitumbuwa chimodzi. Anthu osonkhanitsa makadi ku America ali nalo dzina la nyengo imeneyo, amati junk wax, kutanthauza zinyalala za m'mapepala a phula, chifukwa makadi ankakulungidwa m'mapepala otero. Dzina lokhalo linatikwanira.

Zinatitengera masabata kuti timvetse chifukwa chake kakatoni kena kangagule nyumba zambirimbiri ku Kabulonga pamene kanzake kolingana nako sikagula machesi. Makadi amenewa poyamba sanali malonda paokha. M'zaka za m'ma 1880 ankaikidwa m'mapaketi a fodya, kuti paketi ilimbe komanso kuti wosuta abwerenso kudzagula mtundu womwewo. La Wagner linatuluka m'gulu limene kampani ya American Tobacco inasindikiza kuyambira 1909 mpaka 1911. Wagner, katswiri wa Pittsburgh Pirates, analetsa kuti nkhope yake ipitirire kusindikizidwa. Ena amati sankafuna kuti ana azigula fodya pofuna chithunzi chake, ena amati nkhani inali ya malipiro. Kaya chinali chiti, makina anaima, ndipo lero odziwika kuti alipo ndi makumi asanu kapena asanu ndi limodzi basi.

Fodya atachoka panabwera chingamu. Topps inali kampani ya chingamu ya ku Brooklyn, ndipo ana ankagula paketi, kutafuna chingamu, makadi n'kumaseweretsa. Ankawaponyera kukhoma pobetcherana, ankawapana pa masipoko a njinga kuti izilira ngati mota, monga mmene ife tinkachitira ndi botolo la pulasitiki. Mwana akakula n'kuchoka panyumba, mai wake ankasesa chipinda n'kutaya bokosi lonse. La Mantle la 1952 linali m'chigawo chomaliza cha chaka chimenecho, chimene chinafika m'masitolo nyengo ya baseball ikutha, ana atayamba kale kuganiza za masewera ena. Sy Berger, amene anakonza makadi a chaka chimenecho, ankafotokoza kuti mabokosi osagulidwa anakhala m'nyumba yosungira katundu kwa zaka, mpaka anawakweza pa bwato n'kukawataya m'nyanja ya Atlantic.

Ndiye kuti khadi lakale n'lodula chifukwa anthu ankaliyesa chabe. Anzake anafera pa masipoko ndi m'dzala, lotsala likudya chuma cha akufa. Pofika m'ma 1980, ana aja anali atakula, ali ndi ndalama, akufunafuna ubwana wao, ndipo mitengo inakwera. Aliyense anamva kuti makadi ndi chuma. Makampani anasindikiza ochuluka ngati mchenga, anthu anagula mabokosi athunthu n'kuwasunga osatsegula, palibe mai amene anatayanso kanthu. Chinthu chimene aliyense wasunga bwino sichisowa, ndipo chosasowa chilibe mtengo. Athu 22 aja anali a mtundu umenewo.

Palinso nkhani ya magiredi. Kampani ngati PSA imalandira khadi, kuliyang'ana ndi galasi lokulitsa, kuona ngati makona ali akuthwa, ngati chithunzi chili pakatikati, ngati palibe popindika, kenako kulipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 10 n'kulitsekera m'pulasitiki yolimba yosatsegulika. Kusiyana kwa 8 ndi 10 kungakhale kusiyana kwa njinga ndi galimoto. Khadi loyamba limene PSA inapima linali la Wagner, limene katswiri wa hockey Wayne Gretzky ndi mnzake anagula mu 1991 pa madola 451,000. Analipatsa 8. Patapita zaka zoposa makumi awiri, wamalonda wina wa makadi, Bill Mastro, anavomera kukhoti kuti anali atalidula m'mbali kuti lioneke lakuthwa. Titawerenga zimenezo tinaseka mpaka misozi, chifukwa ndi zomwe amachita anyamata a pamsika, kusita shati yakale ndi sitachi kuti ipite ngati first grade. Koma tinaonanso chinthu chimene sichinatikondweretse: m'malonda onsewa, munthu amene ali pachithunzi sakambidwa kwenikweni. Amakamba makona.

Khadi la 23 linali losiyana. Katoni yake inali yofewa, m'mbali motuwa, makona atabulungira ngati sopo wotha, ndipo mzere wopindika unadutsa pakati. Linali la Topps la 1970. Dzina: Curt Flood. Timu: Phillies. Mtengo wake, mmene linalilimo, madola ochepa chabe. Tikanaliponya pamodzi ndi anzake, koma panyumba tinali titapatsidwa kale dzina loti mamiliyoneya, ndipo manyazi anatikakamiza kuti tipezepo kanthu koti tinene. Tinayamba kuwerenga kumbuyo. Mizere iwiri yoyamba inali ya Cincinnati, yotsatira yonse, kuyambira 1958 mpaka 1969, inali ya St. Louis. Tinafuna kudziwa mmene anasewerera ku Philadelphia, kumene khadi likunena kuti ndi kwao. Tinafufuza, osapeza kanthu. Munthuyu sanavalepo yunifomu ya Phillies ngakhale tsiku limodzi.

Flood anali munthu wakuda, wobadwira ku Houston mu 1938, wokulira ku Oakland. Ali ndi zaka 18 anatumizidwa kukasewera m'maligi aang'ono a kum'mwera kwa America, kumene anzake achizungu akamadya mu lesitilanti iye ankadikira panja kapena m'basi. Anapirira, nakhala mmodzi wa akatswiri ogwira mpira kutali pakati pa bwalo. Analandira mphoto ya Gold Glove zaka 7 zotsatizana, ndipo ndi St. Louis Cardinals anatenga chikho cha World Series mu 1964 ndi mu 1967. Mu Okutobala 1969, atatumikira timuyo zaka 12, anamva kuti wasinthanitsidwa ndi osewera a Philadelphia. Palibe amene anamufunsa. Ngakhale uthengawo sunachokere kwa mwini timu, unabwera pa foni kuchokera kwa wanchito wa mu ofesi.

Nthawi imeneyo mu kontirakiti ya wosewera aliyense munali ndime yotchedwa reserve clause. Kontirakiti ikatha, timu inali ndi mphamvu yoiwonjezera yokha, ndipo eni matimu ankaimasulira kuti ingawonjezedwe chaka ndi chaka mpaka kalekale. Wosewera analibe ufulu wokambirana ndi timu ina. Akakana malipiro amene wapatsidwa, njira inali imodzi, kusiya baseball. Akagulitsidwa, ankalongedza. Zinali choncho kuyambira zaka za m'ma 1800, ndipo akatswiri onse amene makadi ao amagulidwa mamiliyoni, Wagner ndi Mantle omwe, anasewera pansi pa lamulo limeneli.

Pa 24 Disembala 1969 Flood analembera kalata mkulu wa ligi, Bowie Kuhn, kumuuza kuti pambuyo pa zaka 12 sakudziona ngati katundu woti agulidwe ndi kugulitsidwa mosafunsidwa, ndipo anapempha kuti matimu onse auzidwe kuti ali womasuka. Kuhn anakana. Flood anakasuma kukhoti. Marvin Miller, mtsogoleri wa bungwe la osewera, anamuchenjeza mosabisa kuti mlanduwu n'ngovuta kuwina, ndipo ngakhale atawina, iye mwini sadzapindulapo. Flood anapitirirabe. Anali kulandira madola 90,000 pachaka, ndalama zambiri kwambiri nthawi imeneyo, ndipo anthu ankamunyoza kuti munthu wa malipiro otero angadzitche bwanji kapolo. Iye anayankha pa TV kuti kapolo wolipidwa bwino ndi kapolo ndithu.

Apa ndi pamene tinakhala nthawi yaitali, khadi lili patebulo. Mlandu utalowa m'khoti ku New York mu 1970, palibe wosewera ndi mmodzi yemwe amene anali pa nchito nthawiyo anabwera kudzamuchitira umboni. Onse ankaopa. Amene anabwera anali opuma kale, ndipo pakati pao panali Jackie Robinson, munthu amene mu 1947 anathyola mpanda wa tsankho posewerera Brooklyn Dodgers, tsopano ali ndi imvi, akudwala shuga. Chaka chonse cha 1970 Flood sanasewere. M'chaka chomwecho ana a ku America ankatsegula mapaketi a chingamu n'kupeza khadi lonena kuti iye ndi wa Phillies, n'kumalisinthanitsa ndi anzao pa khonde. Munthu ali m'khoti kukana kusinthanitsidwa, chithunzi chake chikusinthanitsidwa m'misewu yonse. Topps sinalakwitse mwadala. Inangolemba zimene mapepala a eni matimu ankanena.

Mu 1971 anayesa kubwerera ndi Washington Senators, koma thupi linali litachoka. Anasewera magemu 13 n'kunyamuka, nakakhala ku Majorca, chisumbu cha ku Spain, kumene mowa ndi ngongole zinamupanikiza. Mu Juni 1972 khoti lalikulu la America linagamula, oweruza 5 kutsutsa 3, kuti Flood waluza. Linatsamira pa chigamulo cha 1922 chimene chinapatula baseball ku malamulo oletsa makampani kugwirizana popondereza msika. Oweruza anavomera kuti chigamulo chakalecho n'chachilendo, koma anati chikonzedwe ndi aphungu, osati iwo. Ufulu unadzabwera mu Disembala 1975, pamene mkhalapakati Peter Seitz anagamula nkhani ya Andy Messersmith ndi Dave McNally kuti timu ingawonjezere kontirakiti chaka chimodzi chokha. Kuchokera pamenepo malipiro anauluka. Mu Disembala 2023 Shohei Ohtani anasainira Los Angeles Dodgers kontirakiti ya madola 700 miliyoni pa zaka 10. Flood anamwalira ndi khansa ya pakhosi mu Januwale 1997, ali ndi zaka 59. Chaka chotsatira aphungu anakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake.

Kuyambira pamenepo tinakhala osonkhanitsa makadi, mwina okhawo m'komboni yathu yonse. Tili ndi msuweni amene ndi nasi ku Texas. Tinkamutumizira maina pa WhatsApp, iye n'kumagula pa eBay makadi otha, opindika, amene osonkhanitsa enieni sawafuna, n'kubwera nao pa Khirisimasi pansi pa sutikesi. Tinkawasunga m'chitini cha mabisiketi, lililonse m'kapulasitiki kake, chitinicho pamwamba pa wadiropu chifukwa cha chinyezi cha m'dzinja. Lamulo lathu linali limodzi: khadi sililowa m'chitini tisanadziwe nkhani ya mwini nkhope. Ndipo Flood anali atatiphunzitsa kufunsa funso lina, loti khadi ili likunama pati?

La Roberto Clemente likunama pa dzina. Lathu linali la 1969, ndipo palembedwa Bob Clemente. Munthuyu anali wa ku Puerto Rico, wakuda, wolankhula Chisipanishi, ndipo ankafuna kutchedwa Roberto, dzina limene makolo ake anamupatsa. Atolankhani ndi Topps anaona kuti n'lachilendo, namufupikitsa kwa zaka zoposa khumi. Amene munalembedwapo dzina lolakwika pa NRC kapena munapatsidwa lachizungu ndi bwana amene lilime lake limakana lanu, mukudziwa mmene zimalasira. Clemente anasewerera Pittsburgh Pirates moyo wake wonse. Pa 30 Seputembala 1972 anamenya hit yake ya 3,000. Pa 31 Disembala chaka chomwecho anakwera ndege yonyamula thandizo kupita kwa anthu a ku Nicaragua amene chivomezi chinawagwetsera nyumba, chifukwa anamva kuti katundu wotumizidwa poyamba akubedwa ndi akuluakulu. Ndegeyo inagwera m'nyanja itangonyamuka, ndipo thupi lake silinapezeke. Khadi lake la 1973 linatuluka iye kulibe, kumbuyo kuli 3,000 ndendende. Ife a ku Zambia nkhani ya ndege yogwera m'nyanja usiku sitiiwerenga ngati ya alendo.

Ena makadi amanama posakhalapo. Josh Gibson, amene ambiri amati analibe mnzake pomenya mpira, anasewera m'maligi a anthu akuda okhaokha, otchedwa Negro Leagues, chifukwa ligi yaikulu inali yotseka kwa iye. Makampani a chingamu a ku America sanamusindikize ali moyo. Anamwalira mu Januwale 1947 ali ndi zaka 35, kutatsala miyezi itatu kuti Robinson alowe. Mu 2024 ligi yaikulu inaphatikiza manambala a Negro Leagues m'mabuku ake, ndipo Gibson, ndi avareji ya .372, anadumpha Ty Cobb n'kukhala pamwamba pa onse. Mnzake Satchel Paige anakwanitsa kulowa mu 1948 ali kale ndi zaka 42, moti kumbuyo kwa makadi ake kumaoneka ngati munthu wongoyamba kumene, pamene anali ataponya mpira zaka makumi awiri. La Paige lenileni sitingalikwanitse. Tili ndi losindikizidwanso posachedwa, ndipo sitichita nalo manyazi. Tili ndi limodzinso latsopano limene tinaphwanyira lamulo la zakale: la Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene mu Epulo 2017 anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa muno kusewera mu ligi yaikulu, mu Pirates yomweyo ya Wagner ndi Clemente. Anakulira m'kachipinda ka pa kilabu ya baseball ku Randburg, kumene mai wake ankagwira nchito.

Anzathu ankatiseka, ndipo anali ndi mfundo. Ankati anthu oti simunagwirepo ndodo ya baseball, simungakhale maola atatu kuonera gemu imodzi, mukuvutikiranji ndi nkhope za anthu akufa a dziko la eni? Zoona, gemu yathunthu tinayesa kawiri ndipo kawiri konse tinagona. Yankho labwino tinalibe, mpaka nkhani inalowa m'nyumba mwathu momwe.

Mng'ono wathu, wachitatu kubadwa, amasewera bola. Kuyambira ali ndi zaka 14 anali mu timu ina yaing'ono ya m'komboni, ya bambo wina wamalonda amene amaikonda bola ndi mtima wonse. Tinene zoona zake: bamboyo anamugulira majombo kawiri, ankalipira basi popita kumagemu akutali, ndipo mwana atathyoka chala anamutengera yekha kuchipatala. Chaka chatha, mng'ono wathu ali ndi zaka 17, timu ina ya ligi yapamwamba pang'ono inamuona n'kumufuna. Anapita kukatsanzika mwaulemu. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Palibe vuto mwana wanga. Koma khadi lako lili ndi ine." Ankanena khadi lolembetsera wosewera mu ligi, limene popanda ilo sungalowe m'bwalo ndi timu ina. Mtengo wake anati K4,000.

Mwanayo analibe kontirakiti, sankalandira malipiro, koma anali ndi mtengo. Usiku umenewo tinatsitsa chitini. Tinamufotokozera za Flood kuyambira pachiyambi. Tinamuuzanso kuti bola nayo ili ndi Flood wake, Jean-Marc Bosman wa ku Belgium, amene timu yake ya ku Liège inamutsekereza kupita ku Dunkerque mu 1990 kontirakiti itatha kale, ndipo anamenya mlandu mpaka khoti la ku Ulaya linamugamulira mu Disembala 1995. Tinamukumbutsa kuti pamene Fashion Sakala, mwana wa ku Chipata, anachoka ku Oostende kupita ku Rangers mu 2021 popanda timu kulipira timu inzake, anadutsa pakhomo limene Bosman anatsegula. Tinalankhula bwino kwambiri, ngati maloya. Tinati tikadandaule kwa oyendetsa ligi, tilembe makalata, tisalipire ngwee.

Iye anatenga khadi lija, kuliyang'ana kutsogolo, kulitembenuza.

"Akulu, uyu anawina mlandu?"

Tinati ayi.

"Anaseweranso?"

Tinati magemu 13.

"Nanga wa ku Belgium uja?"

Tinati anawina, koma mlandu unatenga zaka zisanu, ndipo pomatha bola yake inali itatha, nakhala wosauka.

"Manje mufuna ine nikhale Flood? Windo itseka pa Friday."

Tinakhala chete. Kwa zaka ziwiri tinkanyadira munthu amene anataya nchito yake kuti anzake adzamasuke, ndipo tinkanyoza osewera aja amene anaopa kubwera kukhoti. Tsopano mtengo womwewo unali patebulo pathu, woti aulipire mwana wa zaka 17 amene ali ndi miyendo iwiri yokha ndi zaka zochepa zoti aigwiritse nchito. Ife awiri tinakangana mpaka pakati pa usiku. Mmodzi ankati tikalipira ndiye kuti tavomera kuti mng'ono wathu ndi mbuzi ya pamsika, ndipo mwana wotsatira adzamutchulira K6,000. Winayo ankati kulimba mtima ndi moyo wa mnzako n'kosavuta, ndiponso bambo uja majombo sanawatole pamsewu. Mpaka lero sitinagwirizane kuti analondola ndani. Amai ndi amene anatseka nkhani. Anati, "Mamiliyoneya, si paja muli ndi chuma pamwamba pa wadiropu?"

Tinaimbira msuweni pa vidiyo, n'kumuonetsa makadi limodzi limodzi pansi pa babu. Anavomera kutitumizira ndalama tsiku lomwelo, kuti makadiwo adzawatenge pobwera n'kukawagulitsa yekha. Clemente anapita. Hank Aaron wathu wa 1973, wa chaka chimodzi asanaphwanye rekodi ya Babe Ruth ya ma home run 714 uku akulandira makalata omuopseza kuti aphedwa, anapita. Bob Gibson, mnzake wa Flood ku St. Louis, anapita. Tinadzipeza tikulankhula chilankhulo chimene tinkachinyoza chija: ili makona ake ali bwinoko, ili chithunzi chapendekera pang'ono, ili mwina angalipatse 3. Zonse pamodzi zinakwana pafupifupi K2,800. Yotsalayo amai anatapa ku chilimba chao.

Tikanakonda kulemba kuti la Flood tinakana kuligulitsa. Sizinali choncho. Tinalionetsa pa kamera ngati anzake onse, ndipo msuweni analiyang'ana n'kunena kuti ndi mzere wopindikawo, ndalama yotumizira pa positi ingapose mtengo wake, tingolisunga. Linabwerera m'chitini pamodzi ndi Paige wosindikizidwanso, Ngoepe, ndi zinyalala zathu 22 zoyambirira.

Lachinayi madzulo tinaperekeza mng'ono wathu kushopu ya bambo uja. Anatilandira bwino, anatigulira zakumwa, anawerenga ndalama kawiri, nauza mwanayo kuti akakafika kutali asadzaiwale kumene anachokera. Kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa mtolo wa makadi a timu yonse, omangidwa ndi mphira. Anawapatula ndi chala mpaka anapeza lake. Kanali kakatoni kokwana m'chikhatho, kachithunzi ka mwana wa zaka 14 wometa mpala kali pakona, dzina la timu lili pamwamba ndi zilembo zazikulu. Dzina la bambo athu analilemba molakwika, chilembo chimodzi chikusowa. Tili m'minibasi pobwerera tinalipempha kuti tilione, ndipo mosaganiza tonse awiri tinayamba ndi makona.